Mwafunsa, Tayankha: Kodi buku la Solanin likusokoneza ana athu?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno onse akukhudza buku limodzi la nthano ya zithunzi la ku Japan lotchedwa Solanin, limene limasimba za achinyamata amene amaliza koleji koma moyo sukuwayendera monga ankayembekezera. Amene simunaliwerenge ndipo simukufuna kudziwiratu mathero ake, mudumphe funso lachitatu, chifukwa sindikanatha kuliyankha popanda kuulula zimene zinachitika.

FUNSO LOYAMBA

Akonzi,

Ndine mayi wa ana atatu, ndipo woyamba ndi mtsikana wa zaka 24 amene anamaliza maphunziro a ukachenjede zaka ziwiri zapitazo. Mulungu anatikomera mtima chifukwa anapeza ntchito ya mu ofesi pasanathe chaka, pamene anzake ambiri akuyendabe ndi makalata m'manja. Koma kuyambira chaka chatha mwanayu wasintha. Akaweruka amangolowa kuchipinda osalankhula ndi munthu, ndipo Lamlungu madzulo nkhope yake imagwa ngati walandira uthenga wa maliro. Sabata yathayi anandiuza kuti akufuna kusiya ntchito. Ndikukonza m'chipinda mwake ndinapeza pabedi buku lochindikala la zithunzi lotchedwa Solanin, ndipo mng'ono wake anandinong'oneza kuti ndi nkhani ya mtsikana wa ku Japan amene anasiya ntchito. Ine ndimadziwa kuti mabuku a zithunzi ndi a ana. Kodi bukuli ndi lotani, ndipo kodi ndi limene lamusokoneza mwana wanga? Kodi ndilibise?

Mayi wodandaula

YANKHO

Mayi, bukulo musalibise. Mwana wa zaka 24 mukamubisira buku saleka kuganiza zimene akuganizazo, amangoleka kukuuzani, ndipo pamenepo mudzakhala mutataya chinthu chamtengo wapatali chimene muli nacho panopa, chomwe ndi chakuti anabwera yekha kudzakuululirani za mumtima mwake asanalembe kalata yosiyira ntchito.

Ndiyambe ndi ganizo loti mabuku a zithunzi ndi a ana. Ku Japan mabuku amenewa amatchedwa manga, ndipo amalembedwera anthu a misinkhu yonse, kuyambira ana aang'ono mpaka anthu amene ali pa ntchito ndi pa banja. Buku la Solanin lili m'gulu lotchedwa seinen, la anthu amene akula kale. Analilemba ndi kulijambula ndi Inio Asano, amene anabadwa mu 1980 m'chigawo cha Ibaraki, ndipo nkhaniyi inkatuluka chigawochigawo m'magazini ya Weekly Young Sunday ya kampani ya Shogakukan m'zaka za 2005 ndi 2006. Pa nthawiyo Asano anali ndi zaka pafupifupi 25, msinkhu womwewo wa anthu amene ankawajambula, ndipo nayenso anali asanatsimikize ngati luso lake lidzamudyetsa. Limene mwapeza pabedilo liyenera kuti ndi lomasuliridwa m'Chingelezi, limene kampani ya Viz Media inatulutsa mu 2008 itaphatikiza mabuku awiri a Chijapani kukhala limodzi, ndipo n'chifukwa chake ndi lochindikala choncho.

Mwini nkhani ndi Meiko Inoue, mtsikana amene wagwira ntchito zaka ziwiri pa kampani ina ya zipangizo za mu ofesi mumzinda wa Tokyo. M'mawa uliwonse amapanikizana ndi anthu m'sitima, amakafika ku ntchito imene siimupatsa chifukwa chilichonse chodzukira mawa lake, ndipo madzulo amabwerera ku kanyumba ka lendi kamene amakhalamo ndi chibwenzi chake, Naruo Taneda. Awiriwa anadziwana ku koleji m'kagulu ka ophunzira okonda zoimba. Taneda ndi woimba gitala, koma ndalama amazipeza pochita ganyu yojambula zithunzi, ndipo malipiro ake ndi ochepa moti zambiri za panyumba zimadalira Meiko. Tsiku lina, Taneda atamulimbitsa mtima, Meiko amasiya ntchito n'kuyamba kudya ndalama zimene anasunga.

Mng'ono wake uja anakuuzani zoona, koma anakuuzani za masamba oyambirira okha. Masiku oyamba Meiko amasangalaladi ngati mbalame imene yaphonyoka m'chikwere, amagona mpaka dzuwa kukwera ndipo amayendayenda pamene anthu ena ali ku ntchito. Koma pasanapite nthawi ufulu uja umayamba kumulemera. Amazindikira kuti ankadziwa bwino chimene akuthawa, koma chimene akufuna sakuchidziwa, ndipo tsiku lopanda chochita limatalika kuposa tsiku la ku ofesi. Ndalama za kubanki zimaphwa mwezi ndi mwezi. Chopweteka koposa n'chakuti katundu amene Meiko anatula sagwera pansi, amagwera pamutu pa Taneda, amene tsopano ayenera kusankha pakati pa nyimbo zake ndi ntchito yodyetsa anthu awiri. Ndipo Meiko, posowa loto lakelake, amayamba kukankha mnzakeyo kuti akwaniritse lake, ngati kuti kupambana kwa Taneda ndi kumene kudzatsimikizire kuti iye sanalakwe kusiya ntchito.

Mlembi akanakhala kuti akufuna kunyengerera achinyamata kuti asiye ntchito, akanamupatsa Meiko mphotho. Bandi ya Taneda ikanatchuka, ndalama zikanabwera, ndipo abwana ake akale akanagwa nkhope ndi manyazi. Palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi chimene chimachitika. Komanso mlembiyu sanena kuti Meiko akanangopirira, chifukwa ofesi imene anachokako anaijambula monga malo amene munthu amafota akadali wamoyo. Ichi n'chimene ine ndimalilemekezera bukuli, kuti silinamiza wachinyamata amene akufuna kuthawa ndipo silinamizanso kholo limene likufuna kuti mwana akhale phee pamene ali.

Muli chinthu china m'bukuli chimene chikukhudza inuyo monga mayi. Makolo a Meiko amakhala kutali ndi Tokyo, ndipo amamutumizira makatoni a zakumunda zochuluka kuposa zimene anthu awiri angathe kudya. Mbatata ya kachewere imakhala pakona m'katonimo mpaka kuyamba kutulutsa timphukira. Dzina la bukuli likugwirizana ndi zimenezi, pakuti solanin ndi poizoni amene amapezeka m'timphukira ta mbatata ya kachewere ndiponso m'khungu lake likabiriwira, ndipo munthu akamudya wambiri amasanza ndi kutsegula m'mimba. Tsono taganizirani bwino, Mayi. Mbatata imene yaphukira sinawole, ili moyo ndipo ikufuna dothi, koma popeza yasungidwa m'katoni, mphamvu imene ikanaimeretsa ndi yomwe ikuisandutsa yowawa. Mmene ndimamvera ine, Asano akunena za achinyamata amene aphunzira ndi kukhwima, koma ali pamalo pamene sangamere mizu. Ndipo katoni ija inatumizidwa mwachikondi, ndi makolo amene sakufuna kuti mwana wawo agone ndi njala mumzinda. Sindikunena izi pofuna kukudzudzulani, koma kuti muone kuti m'nkhaniyi kholo si mdani, ndi munthu amene akupereka chimene akuchidziwa pamene mwana akusowa chinthu china chimene sangathe kuchitchula dzina.

Pa funso lanu loti kodi bukuli ndi limene lamusokoneza, ndikuyankha kuti ayi. Mwanena nokha kuti anayamba kusintha chaka chatha. Munthu sadwala chifukwa choti wawerenga za matenda, koma amafunafuna buku lonena za matenda ake chifukwa akumva kale kupweteka. Khalani naye pansi pa nthawi imene nonse simunatope, osati Lamlungu madzulo, ndipo mufunseni chimene chikumuwawa kwenikweni. Kutopa ndi ntchito yosasangalatsa n'kosiyana ndi kuzunzidwa, ndipo mtsikana amene akuvutitsidwa ndi mwamuna wa ku ntchito kawirikawiri amangoti watopa, chifukwa mawu enawo ndi olemera kuwatchula pamaso pa amayi ake. Ngati ndi nkhanza, musamuuze kuti apirire. Ngati ndi mtima umene wauma chifukwa ntchitoyo sakuionera phindu, mufunseni mafunso amene Meiko sanadzifunse mokwanira, kuti ndalama zimene wasunga zingamufikitse miyezi ingati, kuti Lolemba loyamba adzadzuka kukachita chiyani, ndiponso kuti katundu wake adzagwera pa yani. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, choncho n'kwanzeru kusaka ntchito ina akadali pa imeneyi. Koma mukaona kuti sakugona, sakudya, ndipo zimene ankazikonda sizikumukondweretsanso kwa milungu ingapo, pitani naye kwa dokotala, chifukwa kumeneko kungakhale kudwala maganizo, osati ulesi kapena mwano.

FUNSO LACHIWIRI

Akonzi,

Ine bukuli linandikwiyitsa. Ndinalandira digiri zaka zitatu zapitazo ndipo mpaka lero ndimakhalira maganyu. Ndalemba makalata ofunsira ntchito osawerengeka, koma oyankha ndi ochepa. Ndiye ndiwerenge za mtsikana wa dziko lolemera ngati Japan, amene ali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, akutaya ntchito chifukwa choti sikumusangalatsa? Kwa ine kumeneku ndi kukhuta. Nanga Tanedayo, bwanji osangofunsira ntchito yeniyeni m'dziko limene makampani ali mbwee? Ndithandizeni kumvetsa chimene anthu amalirira m'buku limeneli.

Mnyamata wa digiri ya m'sutikesi

YANKHO

Achimwene, mkwiyo wanu ndikuumva. Nanenso nditamaliza maphunziro ndinakhala nthawi yaitali ndikusita malaya amodzimodziwo usiku uliwonse n'kuwapachika kuseri kwa chitseko, kuti mwina mawa andiitana, ndipo ndikukumbukira mmene mtima unkawawira mnzanga wa pa ntchito akayamba kudandaula za kutopa. Mwalondola ponena kuti Meiko ali ndi mwayi umene ambiri alibe, pakuti ali ndi ndalama zosunga ndiponso makolo amene angamulandire zinthu zikavuta. Koma funso lanu la Taneda lili ndi yankho m'mbiri ya dziko lake, ndipo mukaimva mbiriyo mupeza kuti mnyamatayu ndi m'bale wanu kuposa mmene mukuganizira.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 chuma cha Japan chinafufuma mopitirira muyeso, mitengo ya malo ndi ya masheya inakwera koopsa, ndipo pa 29 Disembala 1989 muyeso wa msika wa masheya wa Nikkei unafika pa 38,915. Kenako zonse zinaphwa, moti muyesowo sunafikenso pamenepo mpaka mu Febuluwale 2024, patapita zaka 34. Mu Novembala 1997 banki yaikulu ya Hokkaido Takushoku ndi kampani ya masheya ya Yamaichi zinagwa. Makampani ambiri, posafuna kuchotsa antchito awo akale, anangotsekera chitseko achinyamata. Nyengo imeneyi, kuyambira cha m'ma 1993 mpaka cha m'ma 2005, Ajapani amaitcha shūshoku hyōgaki, kutanthauza nyengo imene ntchito zinauma gwa ngati madzi oundana. Tikawerengera kuchokera pa chaka chimene nkhaniyi inayamba kutuluka, Meiko ndi Taneda anamaliza koleji chakumapeto kwa nyengo imeneyi.

Chimene chinachititsa kuti chitseko chotsekedwacho chikhale choopsa kwambiri ndi kalembedwe ka ntchito ka m'dzikomo. Makampani akuluakulu a ku Japan anazolowera kulemba achinyamata kamodzi pachaka, onse pamodzi, akadali pa koleji. Wophunzira amayamba kusaka ntchito asanamalize sukulu, atavala suti yakuda yofanana ndi ya anzake onse, amayenda m'misonkhano ya makampani ndi m'mayeso osiyanasiyana, ndipo akachita mwayi amalonjezedwa ntchito miyezi yambiri asanalandire digiri. Amamaliza maphunziro mu Malichi n'kuyamba ntchito kumayambiriro kwa Epulo pamodzi ndi anzake a chaka chimenecho. Amene watsalira pa ulendo umenewu, chaka chotsatira sankawerengedwanso ngati womaliza kumene, chifukwa maso a makampani anali kale pa gulu latsopano. N'chifukwa chake ophunzira ena ankabwereza dala chaka chomaliza, n'kulipiranso fizi, kuti dzina loti womaliza kumene lisawachoke.

Otsalirawo ambiri anakhala amene Ajapani amawatcha furita, dzina lochokera ku mawu a Chingelezi otanthauza womasuka ndi mawu a Chijeremani otanthauza wantchito. Dzinali ndi lokoma kulimva, koma moyo wake ndi wa ganyu. Furita amalipidwa pa ola, salandira bonasi imene wantchito wokhazikika amalandira kawiri pachaka, malipiro ake sakwera ndi zaka, ndipo akafika zaka 30 wolemba ntchito amamufunsa chimene ankachita nthawi yonseyo. Mu 2003 boma linawerenga achinyamata otere oposa 2 miliyoni. Ambiri a m'badwo umenewo anafika zaka za m'ma 40 asanapeze ntchito yokhazikika, moti mu 2019 boma la Shinzo Abe linachita kukhazikitsa ndondomeko yapadera yowathandiza. Taneda ndi furita, ndipo owerenga a ku Japan a mu 2005 sankafunika kuwafotokozera tanthauzo la zimenezo. Ankadziwanso kuti Meiko posiya ntchito akutsika m'sitima imene mwina siidzaimanso pamalo pomwepo, n'chifukwa chake chosankha chake chinkawachititsa mantha m'malo mowachititsa kaduka.

Koma ndisamuyeretse Taneda mopitirira. Iye sanangokanidwa ntchito, mbali ina anasankha ganyu kuti asasiyane ndi gitala, ndipo nyimbozo amaziimba mwa theka, kukumana ndi anzake apo ndi apo osayesa ndi mtima wonse. Chifukwa chake ndi mantha amene ndikukhulupirira kuti achinyamata ambiri amawadziwa ngakhale sawatchula. Malinga ngati sanayese, angathe kudziuza kuti ali ndi luso limene dziko silinalione, koma akayesa n'kulephera sadzakhalanso ndi pobisala. Asano anajambula mantha amenewa mosabisa, ndipo kwa ine ndi amene ali pakati penipeni pa bukuli.

Za Meiko, dziwani kuti si iye yekha. Kwa zaka zambiri ziwerengero za boma la Japan zakhala zikusonyeza kuti pafupifupi atatu mwa omaliza yunivesite khumi aliwonse amasiya ntchito yawo yoyamba pasanathe zaka zitatu. Ajapani ali ndi dzina la kufooka kumene kumagwira antchito atsopano patangopita mwezi umodzi chiyambire, amati gogatsubyō, matenda a mwezi wa Meyi, chifukwa kumabwera akangobwerera ku tchuthi cha kumayambiriro kwa mweziwo. Njala ya munthu amene alibe ntchito ndi njala ya munthu amene ntchito ikumudya si zofanana, ndipo yanuyo ndi imene ikufunika kuthetsedwa msanga. Sindikukupemphani kuti mumumvere chisoni Meiko lero. Ndikungopempha kuti bukulo musalitaye, mulisunge pamodzi ndi digiriyo, mudzaliwerengenso mutagwira ntchito zaka ziwiri.

FUNSO LACHITATU

Akonzi,

Ndinawerenga bukuli usiku umodzi ndipo ndinalira. Koma ine ndi mnzanga takangana pa imfa ya Taneda. Ine ndikuti inali ngozi, iye akuumirira kuti mnyamatayo anadzipha chifukwa anaona kuti loto lake latha ndipo palibenso chokhalira ndi moyo. Ndani akulondola? Komanso sindinamvetse chifukwa chimene nkhaniyi inathera popanda bandi kutchuka, pambuyo pa mavuto onse aja.

Mtsikana wa chaka chomaliza pa koleji

YANKHO

Chemwali, tiyeni tikumbutsane kaye zimene zinachitika. Taneda atasiya ganyu yake, iye ndi anzake awiri, Kato woimba besi ndi Billy woimba ng'oma, anajambula nyimbo zawo n'kuzitumiza ku makampani a zoimba. Yankho lokhalo limene linabwera linali lowapempha kuti aziimbira kumbuyo mtsikana wina wotchuka ndi maonekedwe amene kampaniyo inkafuna kumusandutsa woimba, ndipo anakana. Taneda anasweka mtima, anauza Meiko kuti asiyane, kenako anasowa kwa masiku angapo. Pomaliza anaimba foni kunena kuti wabwerera ku ntchito yake yakale, kuti nyimbo aziimbabe, ndiponso kuti akubwera kunyumba. Ali pa njinga yamoto anadzifunsa ngati alidi wosangalala, anadziyankha kuti inde, misozi inatsika, ndipo ngozi inachitika.

Mlembi sanagamule mlanduwu, ndipo anachita dala. Owerenga oyamba a ku Japan anali ndi chifukwa choganizira monga mnzanuyo, pakuti kuyambira 1998 mpaka 2011 anthu odzipha m'dzikomo ankaposa 30,000 chaka chilichonse, ndipo mthunzi umenewo unali pa aliyense. Koma ine ndili kumbali yanu. Munthu amene wakonza zofa sapita kukapempha ntchito yake yakale, ndipo saimba foni kunena kuti ali m'njira. Taneda anali atasankha kukhala ndi moyo, moyo wocheperapo poyerekeza ndi umene ankaulota, ndipo ankalira maliro a munthu amene sadzakhala. Maso odzaza misozi ndi mtima wogawanika n'zokwanira kupha munthu pamsewu. Mnzanuyo akulondola pa mfundo imodzi yokha, yakuti chimene chinamuchotsa maso pamsewu ndi chisoni chomwecho.

Chimene ndikufuna muone ndi malo amene imfayi ili m'bukumo. Siili kumapeto, ili chapakati, ndipo masamba otsalawo ndi a anthu osiyidwa. Nkhani yofuna kukometsera imfa ikanathera pa ngoziyo. Iyi imatisonyeza Meiko atadzitsekera m'nyumba, akudziimba mlandu kuti ndiye anamukankha. Imatisonyeza Billy, amene amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ya makolo ake ndipo amaoneka wolimba, akugwetsa misozi atamukweza Meiko panjinga. Kenako Meiko amayamba ganyu pa sitolo ya maluwa, amatenga gitala la Taneda, ndipo amaphunzira kuliimba mpaka zala kupweteka, kuti akaimbe ndi Kato ndi Billy nyimbo imene malemuyo anasiya, yomwe dzina lake ndi Solanin. Poyamba ankaimva ngati nyimbo ya mwamuna wotsanzika chibwenzi chake, ndipo inkamulasa. Pambuyo pake amazindikira kuti ingakhale nyimbo ya munthu wotsanzika moyo wake wakale.

Amakaimba m'kachipinda kakang'ono ka zoimbaimba, kamtundu kamene kali kochuluka mu Tokyo, pamaso pa anthu ochepa. Palibe wa kampani amene amawathamangira ndi mapepala oti asaine. Mwafunsa chifukwa chake, ndipo ndikuti bandi ikanatchuka, imfa ya Taneda ikanasanduka mtengo umene unalipidwa kuti anzake apambane, ndipo limenelo likanakhala bodza lonyansa. Chimene Meiko anapeza pa siteji ija ndi chaching'ono koma ndi chakechake. Kwa nthawi yoyamba m'nkhani yonse anachita chinthu chimene anasankha yekha, ndi thukuta lake, osabisala kumbuyo kwa loto la munthu wina. Pambuyo pake amasamuka m'kanyumba kaja ndipo moyo umapitirira.

Ndiwonjezere mawu amodzi okhudza mnzanuyo. Mwina akungotsutsa monga owerenga amachitira, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma mwalemba kuti ananena kuti loto likatha palibenso chokhalira ndi moyo. Ngati mawu oterewa amawanenanso pa za iye mwini, mufunseni mosazungulira ngati anaganizapo zodzipha. Kufunsa sikuika ganizolo m'mutu mwa munthu, koma kumamupatsa mpata wolankhula. Akavomera, musasenze nokha, muuzeni munthu wamkulu amene amamukhulupirira ndipo mumuperekeze kuchipatala.

FUNSO LACHINAYI

Akonzi,

Ndine mphunzitsi wa kusekondale ndipo ndimayang'anira kagulu ka ophunzira okonda kuwerenga. Ndinabwereka bukuli koma linandizunguza, chifukwa zokambirana za anthu sizimagwirizana. Kodi limawerengedwa bwanji? Ndamvanso kuti kuli filimu yake. Kodi ndingawapatse ophunzira anga?

Mphunzitsi

YANKHO

Aphunzitsi, vuto ndi mbali imene mwayambira. Manga amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo omasulira m'Chingelezi anasunga dongosolo lomwelo kuti zithunzi zisatembenuke. Chimene chikuoneka ngati chikuto chakumbuyo ndiye chakutsogolo. Pa tsamba lililonse yambani ndi bokosi la pamwamba kumanja, mupite kumanzere, kenako mutsike mzere wina, ndipo mawu a m'bokosi limodzi nawonso muwayambire kumanja. Mukadutsa masamba khumi maso adzazolowera okha. Musathamangire mawu okha, chifukwa Asano amadziwika ndi kugwiritsa ntchito zithunzi za kamera pojambula malo, moti misewu, mawaya a magetsi ndi magombe a mtsinje wa Tama zimaoneka monga zilili m'dera la Komae, kumadzulo kwa Tokyo, ndipo masamba ena amene alibe liwu ndi limodzi lomwe ndi amene amanena zambiri.

Filimu ilipodi. Inatuluka mu 2010, anaitsogolera ndi Takahiro Miki, ndipo Aoi Miyazaki anasewera ngati Meiko pamene Kengo Kora anasewera ngati Taneda. M'buku nyimbo ya Solanin ili ndi mawu okha, ndipo bandi ya Asian Kung-Fu Generation ndi imene inaika maimbidwe pa mawu a Asano chifukwa cha filimuyo. Mu 2017 bukuli linasindikizidwanso ku Japan ndi mutu umodzi woonjezera wosonyeza anthu omwewa patapita zaka.

Pa za ophunzira, muli mnyamata ndi mtsikana okhalira limodzi asanakwatirane, muli kumwa mowa, ndipo muli imfa, choncho sindingalipereke kwa ana a makalasi oyambirira. Kwa a chaka chomaliza ndingalipereke, malinga mwaliwerenga inuyo poyamba mpaka kumapeto ndipo mukhalapo pokambirana, makamaka pa gawo la ngozi lija. Chenjezo langa ndi lakuti akalikonda adzafuna mabuku ena a mlembi yemweyu, ndipo si onse amene ali ngati ili. Oyasumi Punpun, imene inkatuluka kuyambira 2007 mpaka 2013, ili ndi nkhanza ndi mdima wa maganizo zimene sizoyenera ana a sukulu, ngakhale kuti mwini nkhani anamujambula ngati kambalame kooneka kosalakwa.